Maso Ofiira a Zuze Kamtedza

Mu Ufumu wa Tazolowera chamba chinayamba kumera mfumu yoyamba isanamere mano. Chinkamera m'mapiri a Sitinaone, chinkatsika m'matumba olembedwa kuti nyemba, chinkadutsa ponse pamene apolisi ankachita chipikisheni, ndipo mwa lamulo m'dziko lonselo munalibe chamba. Anthu anakhala choncho mwamtendere, aliyense akudziwa, aliyense osadziwa.

Tsono chaka china Mfumu Ndilipano Wachinayi inapita kukacheza kutsidya kwa nyanja, ndipo inabwerako ndi chipewa cha nthenga komanso nzeru. Chipewacho inavala. Nzeruzo inazitula pamaso pa nduna zake m'bwalo lalikulu la ku Mpandowanga. Inafotokoza kuti maufumu otsogola analeka kuthamangitsa osuta fodya wamkulu. Masiku ano amawalandira bwino, kuwapatsa pokhala, n'kuwadula msonkho. Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Nduna ya Zamakhalidwe, imene dzulo lake lomwelo inali italalikira kuti chamba ndi udzu wa Satana, inaimirira n'kulongosola kuti iyo inkanena chamba chakale chija. Ichi cha Amfumu n'china. Lamulo linatuluka lonena kuti munthu aliyense wamkulu akhoza kusuta pongofuna kusangalala, malinga ngati asangalala mwaulemu.

Dzikolo linali ndi nyuzipepala ziwiri. Yoyamba inali Nthungululu, ndipo mkonzi wake, Mayi Dorika Tapindula, anali asanaonepo chinthu choipa chitulukireni kusukulu. Mlatho ukagwa, iwo ankalemba kuti boma latsegula mtsinje. Yachiwiri inali Mfuwu, ya a Yotamu Tatha, munthu amene mvula ikagwa bwino ankalemba za matope. Maofesi awo anali m'nyumba imodzi paphiri la Bweranimawa, zitseko zoyang'anizana, ndipo ankabwerekana shuga.

Lamulo litatuluka, Nthungululu inalemba ndi zilembo zazikulu kuti: GOLIDE WOBIRIWIRA WAFIKA, UMPHAWI ULONGEDZE. Mfuwu inalemba kuti: DZIKO LAPENGA MWA LAMULO. Iliyonse inali ndi katswiri wotsimikizira zonena zake, ndipo katswiriyo anali mmodzi yemweyo, pulofesa wina wa ndevu zoyera amene m'mawa ankaona chitukuko, akadya masana n'kuyamba kuona chiwonongeko. Alimi a ku Sitinaone palibe anawafunsa, chifukwa msewu wa kumeneko ndi woipa. Osuta nawonso palibe anawafunsa, chifukwa anthu otere sangadziwe zambiri za nkhaniyi.

Chimene chinasowa chinali chithunzi. Nkhani ya chamba yopanda munthu wa maso ofiira ili ngati maliro opanda wolira. Nyuzipepala zonse ziwiri zinkadalira wojambula mmodzi, a Bonifasi, bambo wa mimba yabwino ndi njinga yamoto imene nthawi zambiri inkakhala yopanda mafuta. Osuta enieni a Bonifasi ankawadziwa. Ena anali m'maofesi momwemo paphiripo. Koma amenewo ankavala tayi, ndipo munthu wa tayi sajambulidwa pa nkhani zoterezi. Choncho a Bonifasi anatsetsereka wapansi kupita kumsika wa Tsitsaniko, kumene ankadyako masana, n'kuyamba kuyang'ana anthu m'maso.

Kumeneko anapeza a Zuze Kamtedza.

A Zuze anali wootcha chimanga, bambo wachikulire ndithu amene mkazi wake anamwalira kale, woimba besi m'kwaya ya kumpingo. Pakamwa pawo panali pasanafikepo ngakhale chingambwe. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse atawerama pa mbaula, akukupiza makala ndi chikatoni, maso ake sakhala oyera. A Bonifasi anagula chimanga, anadikira mpaka utsi utakuta nkhope ya a Zuze, n'kuwauza kuti amwetulire, achimwene. A Zuze, amene analeredwa bwino, anamwetulira.

Chithunzicho chinatuluka patsamba loyamba la nyuzipepala zonse ziwiri. Pansi pake Nthungululu inalemba kuti nzika ikukondwerera ufulu watsopano. Mfuwu inalemba kuti taonani mmene wathera bambo wa ana ake.

Ku Tazolowera anthu ambiri sagula nyuzipepala. Imawapeza yokha, itakulunga usipa, mandasi kapena mchere, ndipo chimene chimaoneka bwino mafuta akalowerera ndi chithunzi. Posakhalitsa nkhope ya a Zuze inali italowa m'khitchini iliyonse ya m'dera la Tsitsaniko. Pamsika ogulitsa makala anayamba kuwapatsa moni wa ulemu wachilendo. Mayi wina wogulitsa nyemba anafunsa ngati chimanga chawocho n'chongootcha basi kapena amathiramo kanthu, poti mwamuna wake akachidya amabwera kunyumba ali wofatsa. Wometa tsitsi anati iye anadziwa kale, besi yotsika chonchija siichokera mu tiyi.

A Zuze akanaseka nawo zikanakhala kuti panalibe Mayi Esinala Nangondo.

Mayi Esinala ankagulitsa tomato chapafupi ndi mbaula ya a Zuze. Nawonso anali wamasiye. Awiriwa anakhala nthawi yaitali akukambirana za mitengo ya zinthu ndi za mvula, kufikira tsiku lina a Zuze anafunsa mbeta, Mayi Esinala n'kuyankha kuti anachedwa kufunsa. Chinkhoswe chinali chitakonzedwa kuti chichitike anthu akakolola. Nkhoswe ya kuchikazi anali malume awo a Mayi Esinala, a Bizaliele Chimkwita, mesenjala wopuma wa paphiri la Bweranimawa. Munthuyu ananyamula mapepala a boma moyo wake wonse, ndipo anapuma ntchito ali ndi chikhulupiriro chimodzi cholimba, chakuti chosindikizidwa sichinama.

Tsoka ilo, usipa wa a Chimkwita unakulungidwa mu Mfuwu. Anauthira m'mbale, anawongola pepalalo pabondo, anavala magalasi, ndipo tsiku lomwelo anatumiza mawu akuti chinkhoswe chaima. Mbumba yawo siingakwatiwe ndi munthu wa patsamba loyamba.

A Zuze anafotokozera Mayi Esinala zonse, za mbaula, za utsi, za a Bonifasi ndi chimanga chawo. Mayi Esinala anamvetsera uku akusanja tomato milumilu. Malemu amuna awo oyamba anali munthu wa kachasu, ndipo iwo ankati gawo lawo lodikira mwamuna kuti nzeru zimubwerere analimaliza kale.

"Olembawo alembe, bambo Kamtedza," anatero osadzutsa mutu. "Ine sindikwatiwa ndi pepala. Koma tsiku limene ndidzaone chinthucho pakamwa panu ndi maso angawa, mudzakwatire nyuzipepalayo, izikuphikirani."

Anawonjezera kuti komabe popanda malume palibe chinkhoswe, choncho a Zuze aone chochita.

A Zuze anavala malaya a kwaya, amene anali abwino koposa onse, n'kukwera phiri la Bweranimawa. A Tatha a Mfuwu anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa tiyi, anamvetsera akupukusa mutu mwachisoni, ndipo analonjeza kuti nkhaniyo aikonza. Anaikonzadi. Sabata yotsatira chithunzi chija chinatuluka chokulirapo, pamwamba pake atalemba kuti: WACHAMBA AKANA. Pulofesa uja anafotokoza kuti kukana ndicho chizindikiro choyamba cha matendawa, ndipo munthu akamakana mwaulemu ndiye kuti afika patali.

A Zuze anakweranso phiri, ulendo uno kugogoda chitseko chinacho. Mayi Tapindula a Nthungululu anaimirira pampando, anawagwira dzanja nthawi yaitali, n'kuwauza kuti asachite manyazi, chifukwa dziko lonse lili pambuyo pawo. A Zuze anati iwo sasuta. Mayi Tapindula anati kudzichepetsa koteroko n'kumene kukusowa mwa achinyamata a masiku ano. Nthungululu inatuluka ndi nkhani yodzaza masamba apakati, yosimba za mphawi amene anayamba ndi mbaula imodzi koma tsopano, chifukwa cha lamulo la Amfumu, ali ndi chimwemwe chosaneneka ndipo akuganiza zogula lole.

Nkhani imeneyi ndi imene inafika kwa Mfumu Ndilipano. Mfumuyo inkawerenga Nthungululu yokha, chifukwa adokotala anailetsa Mfuwu pamodzi ndi mchere. Inalamula kuti munthu wachimwemweyo abwere naye ku Mpandowanga.

M'bwalo la ku Mpandowanga munthu wamba salankhula ndi Mfumu mwachindunji. Amanong'oneza Mneneri wa Mfumu, ndipo Mneneriyo amawatsuka mawuwo, kuwasita, n'kuwapereka. A Zuze anagwada n'kunong'ona kuti pachitika cholakwika, iwo ndi wootcha chimanga chabe ndipo akupempha kuti nkhope yawo ichotsedwe m'nyuzipepala. Mneneri anatembenuka n'kulengeza kuti kapolo wa Amfumu akuti sakuyenera ulemu waukulu chotere. Mfumu inakhudzidwa mtima kwambiri. Pomwepo inakhazikitsa udindo watsopano wa Kazembe wa Chisangalalo, inapereka kwa a Zuze jekete ya mabatani agolide, ndipo inalengeza kuti pa tsiku lotsegulira sitolo yoyamba ya boma yogulitsa fodya wamkulu, pamsika wa Tsitsaniko pomwepo, Kazembeyo ndiye adzakoke utsi woyamba m'dzina la fuko lonse.

Sabata imeneyo a Chimkwita anagula mandasi, ndipo mandasiwo anakulungidwa mu Nthungululu. Anawongola pepalalo pabondo lomwe lija. Madzulo asanafike anatulukira pamsika atavala chipewa, akufunsa kuti mkamwini wawo ali kuti. Anafotokoza kuti poyamba paja anawerenga pepala lolakwika. Chinkhoswe chibwerere m'malo mwake, anatero, ndipo chichitike mwambo wa Amfumu ukangotha, kuti anthu adzaone kuti mbumba ya a Chimkwita ikutengedwa ndi Kazembe.

Choncho a Zuze anapezeka pamphambano. Akakoka utsiwo, malume akondwa koma Mayi Esinala apita. Akaukana, Mayi Esinala atsala koma malume, Mfumu ndi jekete zipita, ndipo popanda malume palibe chinkhoswe. Anapita kwa abusa kukafunsa nzeru. Abusa anati iwo nkhaniyi akuitsatira m'nyuzipepala zonse ziwiri ndipo akupempherera mbali zonse.

Tsiku la mwambo linafika dzuwa likuswa mtengo. Msika anausesa koyamba chiumangireni. Anakhoma tenti, anayala kapeti wofiira pamwamba pa makoko a nzimbe, ndipo gulu la zitoliro la apolisi linaimba nyimbo ya fuko mobwerezabwereza podikira akuluakulu. Nduna zinakhala motsatana ukulu wake, yaing'ono kumapeto, yaikulu pafupi ndi Mfumu. Kudzanja lamanja la Mfumu kunakhala Mfumukazi, mayi wamkulu thupi ndi mtima, mtsogoleri wa amayi a mvano a ku Mpandowanga, amene za lamuloli anali asananenepo kanthu pagulu. Mayi Tapindula anakhala kutsogolo ndi nkhani yawo yolembedwa kale. A Tatha anakhala pambali pawo ndi yawonso yolembedwa kale. A Bonifasi anaima pakati.

Zolankhula zinatenga nthawi. Nduna ya Zachuma inati msonkho wa fodya ameneyu umanga misewu, zipatala ndi bwalo la ndege, ndipo zotsala agawira anthu. Nduna ya Zaumoyo inachenjeza kuti utsi ndi woopsa, n'kuyamika Amfumu chifukwa chouloleza. Mayi wa nyemba uja anauza mnzake kuti akanadziwa kuti matumba olembedwa nyemba ali ndi tsogolo lotere, sakanataya nthawi ndi nyemba zenizeni.

Kenaka ndudu inabwera pambale yagalasi. Inali yaikulu ngati chinangwa. Anaipichira ndi sajeni wina wa polisi, popeza m'boma lonse apolisi ndiwo anali atagwirapo chamba nthawi yaitali. Sajeniyo anaiyatsa, anachita sawasha, n'kuipereka kwa Kazembe wa Chisangalalo.

A Zuze anailandira. Kutsogolo kwa khamu anaona a Chimkwita akugwedeza mutu mowalimbikitsa. Kumbuyo, pafupi ndi benchi ya tomato, anaona Mayi Esinala ataima, manja atapinda pachifuwa. Mneneri wa Mfumu anali atapita kukafuna madzi akumwa, ndipo chimkuzamawu chinali pomwepo pakamwa pa a Zuze, chopanda wochilondera.

"Zikomo Amfumu, zikomo akuluakulu nonse," anatero ndi besi yawo ija. "Ine sindinasutepo, ndipo sindiyamba lero. Komanso kwathu anatiphunzitsa kuti chakudya chatsopano sayamba ndi mwana akulu ali pomwepo. Ayambe akulu."

Anagwada, nagwira nduduyo ndi manja awiri monga apatsira munthu wamkulu chikho, n'kuipereka kwa amene anali pafupi, Nduna ya Zamakhalidwe.

Ku Tazolowera chinthu choperekedwa ndi manja awiri sichikanidwa. Nduna ya Zamakhalidwe inalandira, ndipo kamera ya a Bonifasi inalira. Ndunayo inayang'ana nduduyo ngati yagwira njoka kumchira. Kenaka inakumbukira kuti nayonso inaleredwa bwino, inatembenukira kwa Nduna ya Zaumoyo n'kunena kuti ayambe akulu. Kamera inaliranso. Nduna ya Zaumoyo inapatsira ya Zamaphunziro, ya Zamaphunziro inapatsira ya Zachuma, ndipo anthu amene kwa zaka zambiri ankalimbirana kuti wamkulu ndani, tsiku limenelo aliyense anapeza msanga womuposa. Nduduyo inakwera mzere wonse ikufuka, mpaka Nduna Yaikulu inagwada n'kuitula m'manja mwa Mfumu Ndilipano Wachinayi.

Pamwamba pa Mfumu panalibenso wina.

Mfumu inakweza nduduyo pang'ono. Kenaka inacheukira kudzanja lamanja. Mfumukazi anangopinda manja pachifuwa, n'kuyang'ana mwamuna wawo mmene mayi amayang'anira mwana amene watola chinthu pansi n'kumapita nacho kukamwa.

Mfumu inatsokomola, ngakhale utsi unali usanaifike. Inalengeza kuti ndudu yoyamba ya fuko ndi chuma cha mibadwo yam'tsogolo, choncho siingawonongedwe ndi munthu mmodzi. Aitengere kunyumba yosungirako zinthu zakale. Gulu la zitoliro linayamba kuimba. Sajeni analandira nduduyo, imene panthawiyi inali itazima yokha, n'kuiika m'thumba la malaya kuti isasowe. Mpaka lero siinafike.

Sabata imeneyo nyuzipepala zinatuluka zonenepa. Nthungululu inalemba kuti: MWAMBO WAYENDA BWINO, ATSOGOLERI AONETSA UMODZI. Mfuwu inalemba kuti: BOMA LONSE LAGWIDWA NDI CHAMBA M'MANJA, ndipo inasanja zithunzi za nduna zonse, iliyonse ndudu ili m'dzanja, maso ali tong'o. Tsopano a Bonifasi anali ndi zithunzi zokwanira chaka chathunthu, za anthu a tayi, ndipo nduna zinayamba kukwera phiri la Bweranimawa kukapempha kuti nkhani ikonzedwe. A Tatha ankazilandira ndi tiyi.

Za a Zuze panalibe ngakhale mzere umodzi. Munthu wosasuta si nkhani. Udindo wa Kazembe unathetsedwa mwakachetechete, ndipo anabwera anthu kudzatenga jekete ija, n'kuyang'anitsitsa ngati mabatani onse alipo.

Amene anavutika kwambiri anali a Chimkwita. Anagula usipa, anagula mandasi, anagula ndi mchere umene sankaufuna, akuwongola pepala lililonse pabondo, koma mkamwini sanapezekemo, woipa kapena wabwino. Popeza panalibe cholembedwa, anasowa choganiza. Mayi Esinala anawapeza atakhala pakhonde pakati pa mapepala a mafuta, ndipo atapereka moni anafunsa ngati malume aimirira pa chinkhoswe, kapena akaitane malume aang'ono a kumudzi, amene sadziwa kuwerenga ndipo amagona tulo tabwino.

"Koma iwe Esinala," anatero a Chimkwita, "munthu ameneyu kwenikweni ndi ndani?"

"Ndi wootcha chimanga, malume."

"Zimenezo zalembedwa pati?"

"Sizinalembedwe. Tiyeni mukamuone."

Anapita. A Chimkwita anakhala pabenchi pafupi ndi mbaula masana onse, akuyang'ana a Zuze akutembenuza chimanga, akubweza chenje, akukana ngongole mwaulemu. Mphepo inatembenuka kangapo, utsi n'kuwalowa m'maso. Pochoka, a Chimkwita anapukuta misozi ndi mpango, nanena kuti munthuyo akuoneka wabwinobwino, ngakhale kuti akanakonda pakanakhala umboni wosindikizidwa.

Chinkhoswe chinachitika anthu atakolola. Panali nkhuku, thobwa ndi kwaya yonse, ndipo a Chimkwita analankhula nthawi yaitali za kuopsa kokhulupirira mphekesera. Mtolankhani sanabwere ngakhale mmodzi. Poti palibe nyuzipepala inalembapo za banjalo, palibe angatsimikize ngati ndi chizindikiro cha chitukuko kapena cha kutha kwa dziko. Eni akewo sanafunse, ndipo akukhala bwino.